Ndikufuna kusiya zonse n'kukakhala ndekha m'nkhalango, kodi n'zotheka?

Owerenga wina watilembera motere:

"Ndine mwamuna wa zaka 36, sindili pa banja. Ndagwira ntchito ya mu ofesi zaka 11 ndipo ndatopa, kutopa kofika m'mafupa. M'mawa phokoso, masana phokoso, usiku foni siileka kulira, ndipo aliyense akaimba ndiye kuti akufuna kanthu kwa ine. Ndakhala ndikuonera mavidiyo pa YouTube a anthu amene anasiya zonse n'kukamanga kanyumba m'nkhalango, moti mtima wanga uli komweko. Ndasunga ndalama zoti ndingadye miyezi 6. Ndikufuna kusiya ntchito, kugulitsa katundu yense, n'kupita kutali komwe kulibe munthu. Mayi anga ndi mchemwali wanga sindinawauze chifukwa andiletsa. Kodi ndapenga? Nanga n'zotheka munthu kukhala yekha kutchire moyo wake wonse?"

Achimwene, simunapenge ayi. Kwa zaka zoposa 20 ndakhala ndikutsogolera anthu pa maulendo a m'nkhalango ndi m'mapiri, komanso kuphunzitsa chithandizo choyamba cha kutali ndi chipatala, ndipo mawu anuwa ndawamva kambirimbiri. Nthawi zambiri amatuluka usiku tikuwotha moto, munthu atagona chagada n'kumayang'ana nyenyezi, kenako n'kuti, "Ine kubwerera sindikufuna." Onena zimenezi ambiri ndi anthu amitu yabwinobwino, olimbikira ntchito, amene angosenzetsedwa katundu woposa msinkhu wawo.

Chilakolako chimenechi sichinayambe ndi inu. Mkhristu wina, Anthony wa ku Egypt, anagawa chuma chake n'kukakhala m'chipululu zaka zoposa 1,700 zapitazo. Choseketsa n'chakuti anthu anamulondola komweko mpaka chipululucho chinadzaza ndi timakumbi ta omutsanzira. Ndipo chimene chikukukokani ndi chenicheni. Kutchire ntchito imaoneka pothera pake: mwatola nkhuni, mwasonkha moto, madzi awira, basi. Mu ofesi mwezi umatha osaona chimene manja anu apanga. Kutchire kulibenso wokuyezani, wokufunsani chifukwa chake mwachedwa. Kafukufuku wina amene anatuluka mu 2019, wokhudza anthu pafupifupi 20,000 a ku England, anapeza kuti amene ankakhala mphindi 120 kapena kuposerapo pa sabata m'malo a mitengo, udzu ndi madzi ankanena kuti ali ndi thanzi labwino ndi mtendere wamumtima kuposa amene sankapitako n'komwe. Nambalayo muisunge: maola awiri pa sabata. Tibwererako.

Mavidiyo aja tiwaike kaye pambali. Munthu amene mukumuonerayo ali ndi kamera, mabatire, sola yotchajira, kompyuta yodulira zithunzi ndi intaneti yotumizira, ndipo ambiri a iwo amalandira ndalama chifukwa cha inu oonera. Ameneyo wangosamutsa ofesi yake n'kuiika pansi pa mtengo. Tsiku limene anatsegula m'mimba kasanu ndi kawiri, kapena sabata imene mvula inagwa osaleka nkhuni zonse n'kunyowa, sadzakuonetsani.

Funso lanu lachiwiri ndi loti n'zotheka kodi. Ndikuyankheni ndi anthu amene anayesadi, chifukwa mbiri zawo zinalembedwa bwino.

Amene anthu amakonda kumutchula ngati wopambana ndi Richard Proenneke, amene anakhala ku Twin Lakes ku Alaska, dera lozizira kwambiri la ku America, kuyambira 1968 mpaka 1999, zaka pafupifupi 30. Koma taonani mmene anachitira. Anapitako ali ndi zaka zoposa 50, atagwira kale ntchito ya umakaniko wa makina akuluakulu kwa nthawi yaitali, komanso ali mmisiri wa matabwa wa luso lodabwitsa. Mu 1967 anapita kukayendera malowo, n'kudula mitengo yomangira, n'kuisiya kuti iume mpaka chaka chotsatira, iye n'kubwerera. Atakhazikika, mnzake woyendetsa ndege, Babe Alsworth, ankamubweretsera chakudya ndi makalata. Ankalemberana ndi abale ake ndipo nthawi zina ankapita kukawaona. Atakalamba, kuzizira kutayamba kumupambana mphamvu, anakakhala kwa mchimwene wake ku California. Ankakhala kutali ndi anthu, inde, koma chingwe chomulumikiza ndi anthu sanachidule tsiku ndi limodzi lomwe.

Ku Alaska komweko, mu April 1992, mnyamata wa zaka 24 dzina lake Christopher McCandless analowa m'tchire ndi mfuti yaing'ono ndi mpunga makilogalamu 4 ndi theka, osauza abale ake kumene ali. Anapeza basi yakale yosiyidwa n'kumagona momwemo. Anawombera chinyama chachikulu chotchedwa moose, koma sanadziwe kasungidwe ka nyama yochuluka chotero, ndipo inaola. Mu July anaganiza zobwerera, koma mtsinje wa Teklanika, umene anauwoloka mosavuta popita, unali utasefukira chifukwa chipale chinali chikusungunuka. Anabwerera ku basi kuja. Pa mtunda wosakwana kilomita imodzi kuchokera pamene anaima panali chingwe chowolokera mtsinjewo, koma analibe mapu oonetsa zimenezi. Thupi lake linapezeka mu September likulemera makilogalamu pafupifupi 30. Anthu amatsutsana mpaka lero ngati mbewu zina zakutchire zimene ankadya zinamufooketsa, koma chimene ine ndimaona n'chakuti panalibe munthu ndi mmodzi yemwe amene akanati, "Tsiku lija lakwana, sanabwere, tiyeni tikamufune."

Pali banja la a Lykov ku Siberia, limene linathawa chizunzo cha chipembedzo mu 1936 n'kukabisala pa mtunda wa makilomita pafupifupi 250 kuchokera pa mudzi wapafupi. Akatswiri ofufuza miyala ndiwo anawatulukira ali mu helikopita mu 1978. Amenewa anali anthu odziwa kulima ndi kuluka kuyambira ali ana, ndipo anali asanu ndi mmodzi, othandizana. Komabe miphika yawo yachitsulo itadyeka ndi dzimbiri analibe poigula ina, ndipo zotengera za makungwa sizikhala pamoto. Mchere unawathera kwa zaka makumi angapo. Mu 1961 chipale chinagwa mu June n'kupha mbewu zonse m'munda, ndipo mayi wa banjalo, Akulina, anamwalira ndi njala pofuna kuti ana ake adye. Mwana wawo wotsiriza, Agafia, anasankha kukhalabe komweko, koma amalandira thandizo la chakudya ndi anthu omuyendera.

Wina ndi Christopher Knight wa ku Maine ku America, amene analowa m'nkhalango mu 1986 n'kukhala zaka 27 osacheza ndi munthu. Ankadya chiyani? Ankathyola nyumba za anthu za m'mphepete mwa nyanja, maulendo pafupifupi 1,000, n'kumaba chakudya, mabotolo a gasi, mabatire ndi mabuku, mpaka anamangidwa mu 2013. Amene anathawa anthu kwambiri kuposa onse ndi amenenso ankadya thukuta la anthu usiku uliwonse.

Ndiye yankho langa ndi ili: kukhala kutali ndi anthu n'kotheka, koma kukhala opanda anthu sindinaonepo amene anakwanitsa.

Tibwere ku mimba, chifukwa ndi kumene ambiri amagonjera. Munthu wamkulu amafunika makalori (muyezo wa mphamvu ya m'chakudya) pakati pa 2,000 ndi 2,500 patsiku. Amene akudula mitengo, kutunga madzi ndi kuyenda mitunda pamalo ozizira angafunike 3,500 kapena kuposa. Kilogalamu imodzi ya mpunga wosaphika ili ndi makalori pafupifupi 3,600. Werengani nokha: mpunga umene McCandless uja ananyamula unali chakudya cha sabata imodzi yokha. Anthu amati ndidzasaka, ndidzatchera misampha. Chovuta n'chakuti kusaka kumadya mphamvu, ndipo tsiku limene mwabwera chimanjamanja mwaluza kawiri. Nyama zing'onozing'ono ngati akalulu zilibenso mafuta. Munthu amene akudya nyama yopanda mafuta yokhayokha, popanda chakudya chokhutitsa, amayamba kutsegula m'mimba, mutu kupweteka, ndi njala yosatha ngakhale wakhuta. Kulima nako sikubereka mawa. Musanakolole koyamba padutsa miyezi, ndipo mbalame, makoswe, tizilombo ndi nyama zina zakutchire zimakhala zikudikira limodzi nanu. Ndalama za miyezi 6 zitha musanadziwe n'komwe khalidwe la nthaka yanu.

Za bowa ndi mizu ndingonena mawu amodzi okha koma olimba. Bowa woopsa kwambiri, ngati wotchedwa Amanita phalloides, sakupwetekani nthawi yomweyo. Pamapita maola 6 mpaka 24 musanayambe kusanza, kenako mumaoneka ngati mwachira, pamene chiwindi chikuwonongeka mwakachetechete. Chithunzi cha m'buku kapena cha pa foni sichokwanira kusiyanitsa wodyedwa ndi wakupha. Safunsa anadya phula.

Madzi a mumtsinje, ngakhale ooneka oyera mbee, muziwiritsa mpaka abwatamuke kwa mphindi imodzi yathunthu. Kutsegula m'mimba kunyumba ndi nkhani ya masiku awiri. Kutchire, pamene wotunga madzi ndi wosonkha moto ndinu nokha wodwalayo, kungakuchotseni moyo.

Anthu akamaganiza zoopsa zakutchire amaona zilombo zolusa. Ine m'zaka zonsezi zimene zandivutitsa kwambiri ndi tinthu ting'onoting'ono. Chaka china nkhwangwa inaterera pa chikuni chonyowa n'kundicheka pamsongolo. Ndinali nditagwira nkhwangwa kwa zaka zambiri, koma tsiku limenelo ndinali wotopa ndipo dzuwa linali likulowa. Tinali ulendo wa tsiku limodzi ndi theka kuchokera kumsewu. Anzanga awiri anamanga bala, n'kundinyamula pa machira a mitengo mosinthana. Ndikanakhala ndekha, sindikanatha kufika ngakhale kumtsinje kumene tinkatunga madzi. Akuluakulu aja ponena kuti kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu, ndinawamvetsa ndili pa machira amenewo. Kubinya phazi, dzino lochita mafinya, bala lolowa kafumbata, kutupa kwa appendix, malungo kumalo a udzudzu: zonsezi kuchipatala ndi zochizika, koma kutali zimasanduka milandu ya imfa. Njoka nazo, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati zimapha anthu pakati pa 81,000 ndi 138,000 chaka chilichonse padziko lonse, ndipo mankhwala othana ndi ululu wake amapezeka kuchipatala kokha. Kutema pabala, kuyamwa ululu kapena kumanga chingwe mothinitsa kumangowonjezera vuto.

Kuzizira kumapha ngakhale kumalo kumene madzi saundana. Zovala zikanyowa, mphepo n'kumawomba, kutentha kwa thupi kumatsika, ndipo kukafika pansi pa madigiri 35 nzeru zimayamba kusokonekera, munthu n'kumapanga zosankha zopusa iye osadziwa. Pothawa kuzizirako ena amalowetsa mbaula ya makala m'kanyumba kotsekedwa. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosanunkha, wosaoneka, umene umagonetsa munthu tulo tosadzuka.

Muzikumbukiranso kuti tchire lopanda mwini ndi losowa. Nkhalango zambiri ndi za boma, zina ndi malo otetezedwa, zina ndi za anthu kapena za midzi yozungulira. Kumanga, kudula mitengo kapena kusaka popanda chilolezo kungakufikitseni m'manja mwa apolisi, kumene phokoso lake limaposa la mu ofesi.

Tsopano ndifike pa zimene mavidiyo satha kujambula, zimene zimachitika m'mutu. Masiku atatu oyambirira amakoma ngati uchi. Munthu amagona tulo tofa nato, mapewa amatsika, makutu amayamba kumva mbalame. Ikamatha sabata yoyamba, phokoso lakunja litazimiririka, la mkati limayamba kumveka. Mawu amene wina anakulankhulani zaka 10 zapitazo amabwera ngati alankhulidwa dzulo. Ngongole, manyazi, maliro amene simunalire mokwanira, zonse zimakupezani pachitsa pomwe mwakhalapo, ndipo palibe foni yoti ikusokonezeni. Ndaonapo amuna amphamvu, odziwa kusonkha moto mvula ikugwa, akupasula msasa tsiku la 9 chakudya chilipo chambiri. Mmodzi anandiuza kuti anadzipeza akulankhula ndi ketulo, ndipo chimene chinamuopsa n'chakuti ankadikira kuti imuyankhe.

Kukhala pawekha kumene wasankha, kokhala ndi tsiku lothera, kumachiritsa. Kusowa anthu kwa nthawi yaitali kumadya thupi. Mu 2010 akatswiri motsogozedwa ndi Julianne Holt-Lunstad anaphatikiza zotsatira za akafukufuku 148, okhudza anthu oposa 300,000, n'kupeza kuti anthu okhala ndi maubwenzi olimba anali ndi mwayi wochuluka ndi 50 peresenti wokhalabe ndi moyo pa nthawi imene ankatsatiridwa, poyerekeza ndi amene maubwenzi awo anali ofooka.

M'kalata yanu yonse, chiganizo chimene chandikhudza si cha mitengo ayi. Ndi chija choti aliyense akaimba ndiye kuti akufuna kanthu. Achimwene, ine ndikuona munthu amene kwa zaka 11 wakhala chitsime cha aliyense, popanda womufunsa kuti nanga inu mwadzuka bwanji. Ngati ndi choncho, mwina chimene mukusowa ndi mpata wonena kuti ayi, ndi munthu mmodzi kapena awiri amene angakuimbireni popanda chopempha. Zimenezo nkhalango singakupatseni. Kutopa ndi ntchito kotereku n'kodziwika, moti mu 2019 bungwe la WHO linakufotokoza ngati vuto lochokera ku kupanikizika kwa nthawi yaitali pa ntchito: mphamvu kutha, mtima kutalikirana ndi ntchitoyo, ndi kudziona ngati palibe chimene ukukwanitsa.

Pali chinanso chimene ndiyenera kukufunsani mosapita m'mbali, chifukwa mwatchula zogulitsa katundu yense ndi kuchoka osatsanzika. Kodi mukufuna kukakhala moyo wina, kapena mukufuna kungozimiririka? Ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo mwakhala wachisoni pafupifupi tsiku lililonse, zinthu zimene zinkakusangalatsani sizikukomaninso, tulo kapena chilakolako cha chakudya chasintha, mukudziona ngati mtolo kwa ena, kaonaneni ndi dokotala kapena mlangizi wa za maganizo musanapange chilichonse. Amenewo angakhale matenda ovutika maganizo, ndipo amachizika. Ngati maganizo ofuna kufa kapena kudzivulaza amakubwererani, musadikire sabata yamawa. Uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, mupite naye kuchipatala. Munthu wa maganizo otere sayenera kukhala yekha kutchire ngakhale usiku umodzi.

Ngati mwadzifufuza n'kupeza kuti ndi kutopa chabe ndi chikondi chenicheni cha tchire, ndiye yesani, koma mwanzeru. Kalata yosiya ntchito musalembe, pemphani tchuthi. Katundu musagulitse, chifukwa madzi akatayika saoleka. Yambani ndi maola awiri aja pa sabata, foni mutaizimitsa, kwa mwezi wathunthu. Kenako kagoneni masiku atatu pamalo ololedwa kumanga msasa, pamene pali oyang'anira. Mukabwerako mtima ukadali komweko, pitani masabata awiri. Ndipo musaweruze malo m'nyengo yake yabwino. Kakhaleniko m'nyengo yake yoipitsitsa, ya mvula yosaleka kapena ya chisanu, chifukwa walira mvula walira matope. Tengani kabuku muzilemba zimene mwadya, zimene mwagwira ndi zimene mumaganiza usiku. Kabuku kameneko kadzakuuzani zoona kuposa ine.

Musanapite ulendo wautali, phunzirani chithandizo choyamba kwa aphunzitsi enieni, kabayitseni katemera wa kafumbata ngati papita zaka 10, kaonetseni mano, ndipo ngati mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku kambiranani ndi dokotala wanu. Phunzirani kuwerenga mapu a pepala ndi kampasi, popeza batire imatha ndipo netiweki kulibe. Kumalo akutali kwenikweni kumafunika kachipangizo koitanira opulumutsa kudzera pa setilaiti, kotchedwa PLB. Patulaninso ndalama yobwererera, imene simudzaikhudza ngakhale zitavuta bwanji.

Anthu amene ndawaona akukhutira kwa nthawi yaitali ndi amene anakakhala m'mphepete mwa tchire, osati pakatikati pake. Wina anagula kamunda kutali, pamtunda woyenda maola awiri kukafika kuchipatala chaching'ono. Wina anayamba ulimi wa njuchi. Ena analowa ntchito yoyang'anira nkhalango, yofesa mbande za mitengo, kapena yoperekeza alendo. Amatha masiku osaona munthu, koma ali ndi woyandikana naye amene amadziwa kuti utsi ukapanda kufuka masiku awiri ndiye kuti kwagwa kanthu. Mmodzi wa iwo, amene kale anali wowerengera ndalama, anandiuza kuti anthu anayamba kuwakondanso atayamba kuwaona kamodzi pa sabata.

Za mayi ndi mchemwali wanu, apa pokha sindikunyengererani. Osachoka mobisa. Mukati andiletsa, n'chifukwa chakuti nkhani imene mwakonza kuwauza ndi yoti mukupita osabweranso, ndipo palibe kholo limene lingavomere zimenezo. Nkhani yoti mwatopa ndipo mukukapuma masiku atatu ndi ina. Yambani ndi mchemwali wanuyo. Mulembereni papepala dzina la malo, njira imene mudzere, nambala ya oyang'anira malowo, ndi tsiku ndi ola limene mudzaimbe foni mukatuluka. Mumuuze momveka kuti olalo likadutsa ndi maola 6 musanaimbe, asadikire kuti kuche, aimbire oyang'anirawo. Mukabwerako mundilemberenso, mundiuze zimene munkaganiza usiku wachitatu.